Kalumo Nka Mlendo, Mutu Ngwathu

Nkhani ya thanzi la maganizo kapena ya anthu olemala ikangoyamba muno mu Zambia, tonse tidziwa kumene idzathera. Bungwe lothandiza lipeza ndalama, lilengeza kuti lifuna katswiri, uja timamutcha consultant, woti afufuze mmene zinthu zilili. Katswiri afika, azungulira maofesi kwa masabata angapo, aona zipatala ziwiri zitatu, alemba lipoti lonenepa la m'Chingelezi. Kenaka pachitika msonkhano kuhotela wovomereza lipotilo, anthu asainira alawansi, ajambulitsa chithunzi pakhomo. Pakapita zaka zingapo, pabweranso katswiri wina kudzafunsa mafunso omwewo. M'nyengo yonseyi, mayi wa ku Kanyama amene mwana wake wasiya kugona ndipo akulankhula yekha akadali ndi njira ziwiri zimene azidziwa: kufunafuna ndalama ya galimoto yopita ku Chainama, kapena kum'tsekera m'nyumba kuti anthu asaseke. Ife tikuti malonda a ukatswiri amenewa, mmene akuyendera, akudya ndalama ndi nthawi ya anthu odwala, ndipo yakwana nthawi yoti tiwaikire malire.

Dziko lino silisowa mapepala. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Persons with Disabilities Act, lamulo limene lipatsa mphamvu bungwe la ZAPD kuyang'anira nkhani za anthu olemala. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 10 ali ndi kulemala kwa mtundu wina. Mu 2019 tinapeza Mental Health Act, lamulo lokamba za ufulu wa odwala maganizo, za chithandizo chapafupi ndi kwawo, ndi za khonsolo yoyang'anira nchito yonseyi. Kalembera wa 2022 anatiwerenga anthu 19.6 miliyoni. Komabe chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chikadali chimodzi, Chainama, chimene chinatsegulidwa mu 1962, ufulu tisanalandire. Zipatala zazikulu za m'zigawo zili ndi mawodi ake, koma madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka, ndipo ambiri a iwo ali mu Lusaka. Zonsezi zidziwika kale. Kulipira munthu kuti adzatiuzenso kuti ogwira nchito ndi ochepa ndiponso kuti anthu amasala odwala kuli ngati kuitana sing'anga kuti aombeze ngati mvula imanyowetsa.

Tiyeni tikumbukire amene anagwedeza lamulo lakale. Kufikira 2019, dziko lino linali kutsatira Mental Disorders Act ya 1949, lamulo la atsamunda la m'nthawi ya Northern Rhodesia, limene linali kutcha anthu odwala mayina onyoza monga "idiot" ndi "imbecile". Nkhani yolisintha inakambidwa m'misonkhano kwa zaka zambiri. Mu 2017 anthu atatu amene anadutsamo okha m'matenda a maganizo, mmodzi wa iwo a Sylvester Katontoka a bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, anatengera boma ku khoti lalikulu. Khoti silinagwetse lamulo lonse, koma linagamula kuti mayina onyozawo ndi osemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo linati lamulolo liunikidwenso. Patapita zaka ziwiri, lamulo latsopano linabadwa. Anthu atatu aja anathandizidwa ndi maloya, ndipo apa ndi pamene pali phunziro: katswiri wa malamulo anagwira nchito yake, koma eni mlandu, odziwa kuwawa kwa kumangidwa ndi kutsekeredwa, ndiwo anali patsogolo.

Wina adzati ife ndife odana ndi ophunzira. Iyayi. Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sananame. Pali nchito zimene zifunadi munthu wozidziwa bwino: kuwerengera mtengo woika chithandizo cha maganizo pa kiliniki iliyonse, kuwerengera mankhwala a khunyu ndi a matenda a maganizo ofunika pa chaka kuti ZAMMSA igule okwanira, kukonza kaundula woti wodwala akasamuka ku Chipata kubwera ku Lusaka mbiri yake isataike, kujambula nyumba zoti njinga ya wolemala ilowe. Izi sizichitika ndi mtima wabwino chabe. Chimene tikana ndi mlendo amene akumeta mbali imodzi, abweza kalumo kake m'thumba, nakwera ndeke, iwe kutsala ndi mutu wa mawangamawanga.

Zitsanzo za ukatswiri wabwino zilipo, ndipo sizili kutali. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayamba Friendship Bench mu 2006 m'komboni ya Mbare. Anaphunzitsa agogo aakazi ogwira nchito zaumoyo m'madera kuti azikhala pabenchi kunja kwa kiliniki, kumvetsera munthu wovutika, ndi kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzilimodzi. Anagwiritsa nchito liwu la Chishona lakuti kufungisisa, kuganiza mopitirira, limene anthu anali kulidziwa kale. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA anaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa anthu amene anakhala pabenchi, pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo chanthawi zonse anali pafupifupi theka. Kuno kwathu, ofufuza a ku Johns Hopkins pamodzi ndi bungwe la SHARPZ anaphunzitsa anthu wamba a m'makomboni a Lusaka njira ya uphungu yotchedwa CETA, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2020 zinaonetsa kuchepa kwa nkhanza za m'banja ndi kumwa mowa koononga. Bungwe la StrongMinds lakhala likusonkhanitsa amayi m'magulu a uphungu kuyambira 2019. Ngakhale WHO ili ndi buku la mhGAP, lolembedwera anamwino ndi ma clinical officer a pa kiliniki wamba kuti azitha kuzindikira ndi kuthandiza matendawa. Pa zitsanzo zonsezi, katswiri anapereka luso lake m'manja mwa anthu otsala pamalopo. Ndicho muyeso wake.

Nanga n'chifukwa chiyani nthawi zambiri sizitero? Yankho lili m'kontirakiti. Consultant amayankha kwa amene wamulemba nchito, ndipo amalipidwa akapereka lipoti. Palibe pamene palembedwa kuti ndalama yomaliza adzailandira namwino wa ku Chawama akayamba kupima odwala maganizo, kapena mankhwala akafika pa shelefu. Munthu aliyense amathamangira chimene chimamudyetsa, choncho chimene chimatuluka ndi pepala. Ndipo tisanamizane kuti ili ndi vuto la azungu okha. Ma consultant ambiri masiku ano ndi ana a dziko lino, ena anali m'maofesi omwewo dzana. Khungu lasintha, kontirakiti ndi yomweyo.

Chachiwiri ndi chinenero. Munthu wa ku Mtendere sabwera ku kiliniki kudzanena kuti ali ndi depression. Amati mtima ukuwawa, mutu ukutentha, tulo tasowa, ndikuganiza kwambiri. Asanafike kumeneko, kawirikawiri wapita kale kwa abusa kapena kwa sing'anga. Mnyamata amene tam'patsa dzina loti junkie ali ndi nkhani yake ya sukulu imene inathera panjira, nchito imene sinapezeke, ndi mowa wotchipa umene sunathe ngakhale boma linaletsa tujilijili mu 2012. Katswiri wofunsa kudzera mwa womasulira, m'chipinda cha bwana, kwa theka la ola, amatola makoko a nkhani zimenezi. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chachitatu ndi ndalama yobwera ndi nyengo. Pulojekiti ikatha, alangizi a m'komboni amene anaphunzitsidwa amabalalika kukafuna ganyu wina, kamba koti palibe amene anaika malipiro awo mu bajeti ya boma. Tinaona mu January 2025, dziko la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, mmene nchito zaumoyo zodalira thumba la mlendo zimagwedezekera m'sabata imodzi. Mlendo ndi mame, dzuwa likakwera sumuonanso. Katswiri amene apereka malangizo osaonetsa mtengo wake, ndi mzere wa bajeti umene udzalipira iye atachoka, wasiya nchito pakati.

Chimene chimatiwawa koposa ndi mmene eni nkhani amaitanidwira. Pangano lija la United Nations limanena poyera kuti boma lizifunsa anthu olemala, kudzera m'mabungwe awo, pokonza malamulo ndi mapulani owakhudza. Mabungwewo alipo: ZAFOD, Disability Rights Watch, MHUNZA ndi ena. Koma kufunsa kwake nthawi zambiri kumakhala kuitana munthu mmodzi wosaona ndi mmodzi wa panjinga tsiku lomaliza, lipoti litalembedwa kale, kuti dzina lawo lilowe pa mndandanda wa opezekapo. Munthu amene wakhala zaka 20 akulimbana ndi makondakita a minibasi, masitepe a maofesi ndi mizere ya pachipatala adziwa pamene dongosolo limaduka kuposa aliyense. Iye apatsidwa ya thiransipoti ndi botolo la madzi. Wolemba mawu ake m'lipoti alandira malipiro a tsiku ndi tsiku, nthawi zina m'madola. Kumeneko ndi kukolola m'munda wa mwini.

Choncho ife tikupempha zinthu zotheka, zosafuna lamulo latsopano. Kontirakiti iliyonse ya ukatswiri pa thanzi la maganizo ndi kulemala, kaya yalipidwa ndi boma kapena ndi bungwe lothandiza m'dzina la boma, iikidwe poyera: walembedwa ndani, kuti achite chiyani, pa mtengo wanji. Katswiri asanayambe, aonetse kuti wawerenga malipoti akale, ndipo anene malangizo amene anachitika ndi amene anagona m'kabati. Lipoti likatha, chidule chake chituluke m'zinenero zathu zisanu ndi ziwiri za pa wailesi ya boma, m'zilembo za Braille, ndi pa vidiyo ya chinenero chamanja. Anthu olemala ndi amene anadwalapo maganizo akhale m'gulu lofufuza kuyambira tsiku loyamba, ndipo alipidwe monga akatswiri. Katswiri aliyense agwire nchito phewa ndi phewa ndi wogwira nchito wa boma amene adzatsala ndi lusolo. Gawo lomaliza la malipiro lidikire chinthu chooneka pa kiliniki: anthu ophunzitsidwa amene ayamba nchito, mankhwala amene afika, khomo limene njinga ilowa.

Inu achinyamata anzathu, musaganize kuti iyi ndi nkhani ya mabwana. Mu December 2023 dziko lino linapeza Access to Information Act, lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata m'maofesi a boma. Gulu la achinyamata a pa tchalitchi, pa koleji kapena pa wailesi ya m'dera lingathe kulemba kalata ku Unduna wa Zaumoyo kapena ku Unduna wa Community Development and Social Services kupempha malipoti amene analipidwa m'zaka zapitazi. Mukawapeza, bwerani nawo ku wailesi, tiwawerenge m'Chinyanja, ndipo tiitane mkulu wa zaumoyo wa m'boma lathu adzayankhe pamene malangizowo afika. Ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstitwensi iliyonse mu 2022, ndipo mapulojekiti ake amayambira ku Ward Development Committee. Pitani kumeneko mukapemphe kachipinda ka uphungu pa kiliniki, njira ya njinga pa sukulu, chimbudzi chimene wolemala angalowe. Funsani khansala wanu ngati mabanja a anthu olemala kwambiri a m'wadi mwanu ali pa Social Cash Transfer, imene imawapatsa ndalama yochuluka kuposa ya mabanja ena. Ndipo amene mukusankha kosi, kumbukirani kuti anamwino ndi ma clinical officer a matenda a maganizo amaphunzitsidwa konkuno ku Levy Mwanawasa Medical University.

Ngati inu kapena mnzanu ali pamavuto lero, musadikire lipoti la aliyense. Imbani 933 kwa akulu kapena 116 kwa ana, manambala aulere a Lifeline Childline Zambia, kapena pitani ku kiliniki yapafupi mukanene mmene mukumvera m'mawu anu omwe. Katswiri wotsatira akadzafika m'dera lanu ndi kabuku ka mafunso, mulandireni bwino, mum'patse mpando. Musanayankhe funso lake loyamba, m'funseni lanu: lipoti la mnzake amene anabwera iye asanadze lili kuti, ndipo linasintha chiyani pa kiliniki yathu?