Ndere zikagona ndi njala zimanenepa

Mizere ya galimoto ikatalika m'malo omwetsera mafuta, nkhani yopanga mafuta athuathu imadzukanso. Si nkhani yachilendo kuno kwathu, pakuti kuyambira 1982 takhala tikusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Sabata ino ndikufuna tikambe za gwero lina limene ambiri timalinyoza: ndere, makamaka tindere tosaoneka ndi maso tomwe timabiriwiritsa madzi.

Amene mumaudziwa mtsinje wa Mulunguzi mundimva msanga. Pamwamba pa phiri la Zomba, pa damu lomwe limamwetsa anthu a mumzindawu, madzi ndi oyera chifukwa amachokera m'nkhalango ndipo mulibe chakudya chambiri cha ndere. Koma mtsinje womwewo ukatsikira m'tauni n'kukathira mu Likangala pa ulendo wa ku Nyanja ya Chilwa, umatola sopo, zinyalala ndi feteleza wa m'madimba, mwakuti m'chilimwe miyala imaterera ndi ndere. Alimi a nsomba a ku Domasi amadziwanso zimenezi: amathira manyowa m'damu kuti madzi abiriwire, nsomba zipeze chakudya.

Chakudya chachikulu cha ndere ndi nayitirojeni ndi fosifolasi, zomwe zija timagula m'thumba la feteleza. Zikapezeka zambiri, ndere zimaswana mofulumira, koma mafuta m'thupi mwake amakhala ochepa. Nayitirojeni akasowa, m'pamene zimasunga mafuta. Ophunzira anga a Fomu 3 amaseka ndikawauza kuti njala imanenepetsa, koma chifukwa chake n'chomveka. Popanda nayitirojeni, kandere sikangapange mapulotini, choncho sikangagawikane kuti kaswane. Pamene dzuwa likuwalabe ndipo mpweya wa carbon dioxide ukulowabe, chakudya chikupangidwabe. Posowa kochigwiritsa ntchito, kamachisunga ngati sitachi, kenako ngati mafuta. Mtundu umasintha n'kukhala wachikasu, monga chimanga chosowa feteleza wobereketsa. Mu mitundu ina, monga Chlorella, mafuta amatha kuwirikiza kawiri kapena kuposa.

Komatu walira mvula walira matope. Ndere zanjala zimanenepa, koma zimasiya kuswana. Tiyeni tiwerengere monga timachitira pa bolodi. Tiyerekeze kuti damu lodyetsedwa bwino latipatsa makilogalamu 10 a ndere zouma, ndipo magawo 20 pa 100 alionse ndi mafuta: tapeza makilogalamu 2. Damu lanjala latipatsa makilogalamu 4 okha, mafuta ake magawo 40 pa 100 alionse: tapeza makilogalamu 1.6. Amene amadzitama ndi 40 uja ndiye wapita kunyumba ndi zochepa. Boma la America lidalipirira kafukufuku wa ndere kuyambira 1978 mpaka 1996, ndipo phunziro lina lalikulu lidali lomweli: kumana ndere chakudya kumakweza mafuta mu kandere kalikonse, koma sikuti mafuta a damu lonse achuluka.

N'chifukwa chake akatswiri amayesa kulera ndere m'magawo awiri. Poyamba amazidyetsa mokwanira kuti zichuluke, kenako amazimana nayitirojeni kwa masiku ochepa asanakolole. Luso lagona pa kudziwa tsiku losiya kudyetsa. Ngakhale zitatero, kukolola kumavuta, poti m'malita 1,000 a madzi a m'damu lapamtunda nthawi zambiri ndere zouma sizikwana kilogalamu imodzi. Kusefa, kuumitsa ndi kufinya zonse zimadya magetsi ndi ndalama. Ngakhale kampani yaikulu ya ExxonMobil idasiya ntchito ya mafuta a ndere itathiramo ndalama zambiri kwa zaka zoposa 10.

Nanga ife tiphunzirepo chiyani? Alimi ambiri mukukumbukira jatropha, momwe adatamandidwira ndi momwe nkhani yake idazilalira. Mawa wina akabwera ndi nkhani yokoma ya ndere, timufunse mafunso atatu. Kodi damu limodzi lidzatulutsa malita angati pa mwezi? Madzi adzachokera kuti? Nanga nayitirojeni wa gawo loyamba lija adzachokera kuti? Akati m'thumba la Urea, timukane, chifukwa feteleza yemweyo mlimi akumusowa m'munda wa chimanga. Akati madzi a pa damu la Mulunguzi, timukanenso, chifukwa amenewo ndi akumwa, ndipo kuyera kwake ndi chuma choyenera kuchiteteza posamala nkhalango za m'phirimo.

Njira yomwe ine ndikuiona kuti ndi yanzeru ndi madzi oipa a m'tauni. Muli nayitirojeni ndi fosifolasi waulere amene pano akungothera mu Likangala. Ndere zitaleredwa m'madzi amenewo zingawayeretse, ndipo zikamaliza chakudyacho njala ingabwere yokha. Ndikupempha aphunzitsi ndi ophunzira a sayansi pa University of Malawi, yomwe ili mu Zomba momwemo, kuti ayese zimenezi ndi ndere zathu zomwe, n'kutiuza manambala enieni. Mafuta atachepa, tidzakhala titapindulabe mtsinje woyera.