Galasi la galimoto likakana, nzeru n'kuyambira pa fyuzi

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, misewu ya m'boma la Kasungu siichedwa kuonetsa kuti mabelo ayamba kugulidwa. Alimi ena omwe zawayendera amagula galimoto, ndipo achinyamata ambiri maso awo amakhala pa zothamanga zija zochokera ku Japan monga Toyota Altezza ndi Celica, zomwe zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe.

Chomwe ambiri amaiwala n'choti galimotozi n'zachikale. Kampani ya Toyota idasiya kupanga Altezza mu 2005 pomwe Celica idathera mu 2006. Choncho ngakhale penti iwale motani, kamota kokweza ndi kutsitsa galasi la pachitseko kagwira ntchito zaka pafupifupi 20 kapena kuposerapo. Kakakumana ndi fumbi la m'misewu ya ku Chamama kapena ku Chulu m'mwezi wa Okutobala, tsiku lina galasi limangoima pakatikati.

Zikatere, ena amapanira galasilo ndi kamtengo kapena kumata pepala la pulasitiki n'kumayendabe. Ena amathamangira ku Lilongwe kukagula mota ina asadadziwe n'komwe chomwe chavuta. Onsewa akulakwitsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo galasi lokana limaulula lokha pomwe pali vuto mwini wake akalimvetsera.

Poyambira ndi pa batani lomwe lili pachitseko cha dalaivala loletsa ana kuseweretsa magalasi. Likadinidwa mwangozi, magalasi a anthu okwera sayenda ngakhale zonse zili bwinobwino. Kenako mwini galimoto ayese magalasi onse makiyi ali otsegula. Onse akakhala chete, kawirikawiri vuto limakhala pa fyuzi, pa rile kapena pa switchi yaikulu ya dalaivala, chifukwa mota zonse sizingafe tsiku limodzi. Likakana limodzi lokha, ndiye kuti vuto lili m'chitseko chomwecho.

Apa khutu ndi diso zimathandiza. Munthu ayatse getsi la kudenga m'kati mwa galimoto, injini ili yozima, kenako adine batani la galasi lokanalo. Getsi likachepa kuwala, moto ukufika ku mota koma china chake chagwira galasi kapena motayo. Likapanda kusintha, moto sukufika, ndipo akayikire switchi yomwe yadzadza fumbi kapena mawaya odutsa m'kalabala kapakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, omwe amaduka kaamba kopindika nthawi zonse chitseko chikamatsegulidwa. Mota ikamalira koma galasi osasuntha, kawirikawiri chaduka ndi chingwe cha waya chomwe chimakoka galasilo, kapena mano a magiya ake atha. Nthawi zina kumenya chitseko pang'ono ndi chikhatho uku batani lili chodinidwa kumadzutsa mota yotopa, galasi n'kukwera kuti munthu akafike kwa makaniko. Galasi lokwera mwaulesi limangofuna kuti malabala omwe limayendamo atsukidwe ndi kupoperedwa mafuta a silikoni. Oilo wakale wa mu injini amafufumitsa labala n'kumata fumbi lina.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe chikuyenera kutheratu, chomanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu pamalo pa fyuzi yakupsa. Fyuzi imapsa dala pofuna kupulumutsa mawaya. Ilowedwe m'malo ndi inzake ya nambala yofanana, ndipo yatsopanoyo ikapsanso pomwepo, pali waya yemwe wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Woumirira kawaya angathe kuotcha galimoto yonse pofuna kupulumutsa ndalama yosakwana ngakhale lita imodzi ya petulo.

Ena anganene kuti izi n'za amakaniko, mlimi adziwe za nazale ndi zigafa basi. Zoona, kumasula chitseko ndi ntchito ya wodziwa, chifukwa zitsulo zokwezera galasi zimatha kupana zala, ndipo batire imayenera kuchotsedwa kaye. Koma mwini galimoto wofika pagalaja akudziwa kuti fyuzi ili bwino ndipo mota ikulira sagulitsidwa chinthu chosafunika. Naye makaniko wachilungamo ayenera kuyeza ngati mavolti 12 akufika pa mota asadatchule mtengo wa ina.

Kulekerera galasi lokana nakonso kuli ndi mtengo wake. Lotseguka limaitana akuba pamsika komanso mvula yoyamba ya mu Novembala, yomwe imanyowetsa mipando n'kuononga maswitchi otsala. Lotsekeka limasandutsa galimoto ng'anjo kwa mwana wokhala kumbuyo, ndipo pangozi ya pamsewu wa M1 chitseko chikapindika, zenera ndiye khomo lotulukira.

Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, ndipo yomweyo ikudikiridwa ndi fizi ya ana, malipiro a matenanti ndi feteleza wa nyengo ikubwerayo. Banja lomwe lakwanitsa kugula galimoto lisaone ngati kuzitaya kuthera mphindi 15 pa batani, fyuzi ndi getsi la kudenga lisadatulutse ndalama m'thumba.