Kubweza ndalama si chilango

Kumudzi munthu akagwidwa ndi mbuzi ya eni, samasulidwa chifukwa choti wabweza mbuziyo. Amabweza, amalipa chindapusa kwa amfumu, ndipo dzina lake limanunkha kwa zaka. Koma m'Nyumba za Malamulo zambiri muli lamulo lina losalembedwa: phungu akagwidwa atadya ndalama za ulendo, za nyumba kapena za ofesi mosayenera, amangoti kunali kulakwitsa kwa mapepala, nabweza, nkhani n'kutha. Lamulo lotere silithetsa kuba. Limangouza wakuba kuti akagwidwa sataya kanthu, akapanda kugwidwa wadya phindu.

Mu 2015 anthu a ku Australia anamva kuti Sipikala wawo, Bronwyn Bishop, anakwera helikopita kuchoka ku Melbourne kupita ku Geelong, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto, kukakhala nawo pa phwando losonkhetsa ndalama za chipani chake. Ndalama zoposa madola 5,000 zinachokera m'thumba la boma. Mayiyu anabweza, nawonjezerapo chindapusa cha 25 peresenti, koma anaumirira pampando kwa milungu ingapo kufikira mkwiyo wa anthu unamugwetsa mu Ogasiti. Chomwe chinamuchotsa ndi phokoso la nyuzipepala ndi mantha a chipani chake. Lamulo lokha likanamusiya ali pomwepo. Chilango chodalira phokoso n'chamwayi, chifukwa amene nkhani yake yatuluka tsiku lomwe anthu atanganidwa ndi zina amapulumuka.

Ku South Africa zinafika poipa kuposa apa. Pa nkhani yotchedwa Travelgate, aphungu anapatsidwa mapepala olipirira maulendo a pandege pakati pa Cape Town ndi madera awo, koma ena anagwirizana ndi makampani a zamaulendo kuwasandutsa ndalama za mahotela, magalimoto obwereka ndi zofuna zawo. Angapo anavomera mlandu m'khoti nalipa chindapusa. Malamulo a dzikolo amaletsa munthu kukhala phungu ngati wagamulidwa kukhala m'ndende miyezi yoposa 12 popanda mwayi wa chindapusa. Mwayi wa chindapusawo ndi umene unatchinjiriza mipando yawo. Mmodzi mwa ovomera mlandu mu 2006, Bathabile Dlamini, anadzakhala nduna yoona za chisamaliro cha anthu mu 2010, woyang'anira ndalama za nkhalamba ndi ana amasiye. Mwana wasukulu woona zotere amaphunzirapo chiyani za kukhulupirika?

Ena amati ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi chuma cha boma, ndipo sikoyenera kuwononga munthu chifukwa cha tikiti ya ndege. Mawuwa amaiwala kuti kalaliki wonamiza lisiti limodzi amachotsedwa ntchito n'kuperekedwa kupolisi, ngakhale ndalamayo isakwane thumba la feteleza. Amaiwalanso kuti phungu ndiye amavomereza bajeti ndi kufunsa nduna m'mene zawonongera ndalama. Amene m'thumba mwake muli lisiti labodza pakamwa pake pamalemera. Sangafunse mnzake funso lomwe iye mwini akuliopa. Ena amati malamulo a alawansi ndi ovuta kumva. Koma amene anawalemba ndi aphungu omwewo, ndipo n'zodabwitsa kuti kusamvetsa kwawoko nthawi zonse kumagwera kumbali yowapindulira.

Britain inasonyeza kuti njira ina ilipo, ngakhale inafika pamenepo mochita kukankhidwa. Mu Meyi 2009 nyuzipepala ya Daily Telegraph inayamba kusindikiza malisiti omwe aphungu anayesetsa kubisa. Wina anapempha mapaundi 1,645 a kanyumba ka abakha, ena ankalandira ndalama za ngongole ya nyumba yomwe anamaliza kale kubweza. Sipikala Michael Martin anatula pansi udindo. David Chaytor analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18, Elliot Morley, yemwe anakhalapo nduna, miyezi 16. Kuyang'anira alawansi kunachotsedwa m'manja mwa aphungu n'kuperekedwa ku bungwe loima palokha la IPSA, lomwe limasindikiza zomwe phungu aliyense wapempha. Mu 2015 kunabwera lamulo lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wopezeka wolakwa, ngati mmodzi mwa ovota khumi alionse m'deralo asaina. Mu 2019 Chris Davies wa ku Brecon and Radnorshire anavomera kuti analemba malisiti abodza a mapaundi 700 okha. Anthu oposa 10,000 anasaina, mpando unakhala wopanda munthu, ndipo pa chisankho chapadera iye anagonja.

Mphamvu yotereyi si yachilendo kwa Amalawi. Malamulo aakulu a 1994 anali ndi gawo 64, lolola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analifufuta mu 1995, lisanagwire ntchito ndi kamodzi komwe, ndipo mapempho oti libwerere akhala akugwera pamwala. Nyani sangaweruze mlandu wa chimanga, pakuti naye ali ndi njere m'masaya.

Choncho chilango choyenera chili ndi miyendo inayi, ndipo ukathyoka umodzi mpando wonse umagwa. Malisiti a phungu ndi nduna iliyonse azisindikizidwa poyera kuti wovota wa ku Chipata, ku Tete kapena ku Ntcheu awerenge yekha. Wofufuza akhale bungwe lomwe aphungu sangalichotse kapena kulimana ndalama. Wolakwitsa moona abweze ndi chiwongoladzanja, koma wonamiza dala apite kukhoti lomwe limazenga kalaliki uja, popanda khomo lakuseri la chindapusa. Ndipo wopezeka wolakwa ataye mpando, asaimenso kapena kupatsidwa unduna kwa zaka zingapo.

Wandale saopa kubweza, chifukwa ndalama amazipezanso. Chimene amaopa n'kutsika pagalimoto ya boma n'kukaima pamzere wa minibasi pamodzi ndi anthu omwe misonkho yawo anaidya. Lamulo lomwe silifika pamenepo lalembedwa ndi akuba kuti liteteze akuba.