ZA M'MAIKO ENA: Malinga amene khasu silikhudza

Ku Ireland, dziko la pachilumba kumadzulo kwa Ulaya, mlimi akamalima amafika pena n'kukhotetsa thirakitala. Amalambalala mtumbira waukulu wozungulira ngati khola, womera mitengo yaminga. Malo otere analembedwa oposa 40,000 m'dzikomo.

Ofukula zakale amati awa ndi mabwinja. Ambiri anamangidwa pakati pa zaka za 500 ndi 1000. Banja linkakumba ngalande mozungulira, kuunjika dothilo kukhala linga, n'kumanga nyumba m'kati. Usiku ng'ombe zinkagona momwemo poopa akuba ndi zilombo.

Eni ake atatha, nyumba zinagwa, malinga okha n'kutsala. Anthu anayamba kunena kuti m'menemo mukukhala mtundu wosaoneka ndi maso, umene m'chinenero chawo amautcha Aos Sí. Ankati wosalaza linga kapena wodula mtengo wa pamenepo amaziputa dala: ng'ombe zimafa, mkaka umauma, mwana amadwala. Choncho makolo ankalima mozungulira, ndipo ana ankakula akudziwa kuti pajapo sapasewera nkhwangwa.

Chikhulupirirochi sichinathe. Mu 1999 boma linkamanga msewu waukulu pa Latoon, m'chigawo cha Clare, pafupi ndi kamtengo kena kaminga. Bambo Eddie Lenihan, katswiri wa nthano, anachenjeza kuti kamtengoko ndi pokumanira osaonekawo, ndipo kukazula n'kuitana ngozi. Nkhani inamveka mpaka kunja kwa dziko. Omanga anakasiya, msewu n'kudutsa pambali. Mu 2002 munthu wina anakasadza nthambi ndi macheka, koma kanaphukanso.

Komabe si malinga onse amene anapulumuka. Atafika makina akuluakulu osalazira minda, ndipo mantha atayamba kuchepa, ambiri anafafanizidwa. Chimene makasu anachiopa kwa zaka 1,000, makina ankachimaliza tsiku limodzi. Lero amene otsalawo amawateteza ndi lamulo la boma.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. M'midzi yambiri, kumene mapiri anayera mbee ndi makala, mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, chifukwa palibe amene angatole nkhuni kumeneko. Wina atha kuseka kuti ndi mantha chabe. Koma mantha omwewo ndiwo asunga mthunzi. Tsiku limene adzathe, mudzi udzafunika kukhala utapeza kale china cholondera msituwo.