Pakhomo Pathu: Musanamugulire mwana gemu

Mayi wina wa ku Mpamba wandifunsa kuti: "Mwana wanga akulirira PlayStation. Kodi ndigulitse chinangwa ndimugulire?"

Amayi, yambani mwawerengera. Pa PlayStation 2 ya mu 2000, chimbale chimodzi ana ankabwerekana mudzi wonse. Lero PlayStation 5 ina ilibe polowetsa chimbale: gemu iliyonse mugule pa intaneti, kuphatikizapo bandulo. Zam'manja ngati Nintendo Switch 2 ya mu 2025 zikulowera komweko. Kugula sikutha.

Mtengo wina ndi tulo ta mwanayo. Mukagula, panganani: homuweki kaye, ola limodzi basi, osagona nayo. Dzuwa likalowa Lachisanu, izimitsidwe mpaka Sabata litatha.

Akakana panganoli, chinangwacho chisungireni kondowole.