Khofi ndi wa kumtunda, tisazule chinangwa pagombe

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, nkhani ya khofi yafika kwathu. Dziko la Mozambique linalowa m'bungwe la International Coffee Organization mu 2023, ndipo khofi wa ku phiri la Gorongosa akugulitsidwa kunja. Ndiye munthu wa ku Metangula, Messumba kapena Cobué angadzifunse kuti, bwanji ine osadzalako? Maganizo anga ndi akuti khofi angathe kukula m'boma lathu la Lago, koma malo ake si pagombe. Amene angazule chinangwa m'mphepete mwa nyanja kuti aikepo khofi wa arabica adzalira.

Chifukwa choyamba ndi kutentha. Nyanja yathu ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Lichinga ili pa mamita oposa 1,300. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Nonse amene munayendapo pamsewu wochoka ku Metangula kudutsa ku Maniamba mukudziwa kuti munthu amanyamuka ali thukuta, nakafika akufuna juzi. Arabica amakonda kumtunda kotero, kumene kutentha kumasewera pa madigiri 18 mpaka 22. Usiku wozizira umachedwetsa chipatso kupsa, njere imalimba, ndipo m'kapu mumamveka kutsekemera ndi kuwawasa pang'ono ngati kwa zipatso. Ogula akunja amalipira kukoma kumeneko. Pamalo otentha chipatso chimapsa mothamanga, njere imapepuka, kukoma kumazilala, ndipo mbozi yoboola tsinde imapha mitengo msanga.

Tayang'anani anzathu a kutsidya. Ku Malawi khofi wa Mzuzu amachokera ku mapiri a Misuku, Phoka, Viphya ndi kumtunda kwa Nkhata Bay. Ku Tanzania, kumpoto kwathuku, khofi wa Mbinga amalimidwa m'mapiri a Amatengo, pomwe pagombe la Mbamba Bay pali chinangwa ndi usipa ngati kwathu konkuno. Anthu amenewa alima khofi kwa zaka zambirimbiri. Akadaona kuti pagombe amachita bwino, akadatsika naye kalekale.

Wina anena kuti, madzi tili nawo ambiri, mthunzi wa mango uliponso. Zoona, kuthirira ndi mthunzi zimathandiza, koma ndowa ya madzi siziziritsa usiku wa Novembala. Wina anena za robusta, mtundu wopirira kutentha, wowawa kwambiri, umene umalowa mu khofi wambiri wa m'zitini. Robusta amafuna mvula ya miyezi yambiri ndi chinyontho chosatha, pomwe ife chilimwe chathu ndi chachitali. Ulipo khofi wina wachilengedwe wa dziko lathu lomweli, wa pachilumba cha Ibo ku Cabo Delgado, wa njere zazing'ono ndi kafeini wochepa, umene umakula pamalo otsika ndi otentha. Ameneyo ndi woyenera kumuyesa, koma tiyambe ndi mitengo khumi kuseri kwa nyumba. Munda wa chakudya tiusiye.

Amene ali ndi minda kumtunda, mwayi ndi wawo, komabe afunse dzina la mbande asanalandire. Catimor ndi mtengo waufupi, wobereka msanga, wolimba ku matenda a dzimbiri amene amasiya ufa wachikasu kunsi kwa masamba. Geisha anachokera ku nkhalango za Ethiopia, amanunkhira ngati maluwa ndipo anatchuka padziko lonse ku Panama mu 2004, koma amabereka pang'ono ndipo amafuna malo okwera ndi chisamaliro. Onse awiri amalimidwa ku Malawi. Mbande yopanda dzina ndi juga.

Zimene zili pachiswe ndi chakudya cha banja. Khofi amayamba kubereka patapita zaka zitatu kapena zinayi. Zipatso zakupsa zolemera makilogalamu asanu kapena asanu ndi imodzi ndi zimene zimatulutsa kilogalamu imodzi ya njere zouma. Zimafunika kuthyola zofiira zokhazokha, kusenda tsiku lomwelo, ndi kuyanika pathandala loyera, kutali ndi nsomba, chifukwa njere imakoka fungo. Banja likalakwitsa malo, limadzazindikira mwana amene anali kalasi yoyamba ali kalasi yachinayi, nkhokwe ilibe kanthu, ndalama ya makope palibe.

Safunsa anadya phula. Akabwera aliyense ndi mbande, kaya za ulere, timufunse mafunso atatu. Mtundu wake ndi uti? Unayesedwa pamalo okwera mamita angati? Adzagula ndani, ndipo makina osendera ali kuti? Akalephera kuyankha, tithokoze mwaulemu, abwerere nazo.

Ife aphunzitsi tili ndi gawo losavuta. Sukulu ya pagombe ndi ya ku Maniamba zigwirizane, ana alembe kutentha kwa m'mawa ndi masana kwa mwezi umodzi, kenako asinthane manambala. Mwana amene waona yekha kusiyanako adzafotokozera bambo ake chifukwa chake khofi ayenera kupita kumunda wa amalume kumtunda, chinangwa n'kutsala pomwe chili.