Bulu wa mnzako akatuluka chilonda, umuuze kapena ungopenya?

Lero ndalemba zazitali pang'ono, mundipirire.

Mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandiimbira sabata yatha. Iye amasesa m'khola la akavalo, kumene anthu a ndalama amasungitsa akavalo awo n'kumalipira pamwezi. Akuti kavalo wina akuwonda, msana uli ndi chilonda, koma akuopa kuuza mwini wake. "Malume, ndikayankhula ntchito itha." Ndinamuuza kuti vuto lakelo tili nalo kuno ku Chigwa. Ife akavalo tilibe, koma abulu ndi ng'ombe za pangolo tili nazo, ndipo mantha ake ndi omwewo.

Mu Okutobala wapitayu, dzuwa lija lofika madigiri 40, ngolo ya anzanga ena inkadutsa pa mjigo tsiku lililonse itasenza njerwa. Abulu awiri, goli la ng'ombe pakhosi. Mmodzi khosi linali lofiira, ntchentche zili ng'waa, pachilondapo atapakapo oyilo wakuda wa galimoto. Tonse tinaona. Azimayi anakamba pa mjigo, ife tinakamba pa bawo. Wopita kukauza mwini wake panalibe.

Ine ndinali ndi chifukwa changa chokhalira chete. Zaka zapitazo ndinakalipira mnyamata wina pamsika, pagulu, chifukwa chomenya ng'ombe itagwa ndi katundu. Ndinkanena zoona, koma mwini ng'ombeyo anamva kuti ndamunyoza pamaso pa anthu. Zaka ziwiri osandipatsa moni, ndipo ng'ombe ija sinapindule kanthu ndi kukuwa kwanga. Apo ndinaphunzira kuti munthu ukamuchititsa manyazi amateteza ulemu wake, chiweto amachiiwala.

Ndiye ulendo uno ndinapita madzulo, ndekha. Tinakhala pakhonde, tinakamba za mtengo wa thonje, za mbewu ya mapira, kenako ndinati: "Achimwene, bulu wanu wakuda uja ndamuona khosi. Wanganso anachitapo zomwezo. Tikamuone limodzi?" Sindinanene kuti mukuzunza chiweto. Ndinangonena chimene maso anga aona.

Anayankha mouma: "Kodi buluyo ndi wanu?" Ndinati ayi, ndi wanu, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu osati kwa amfumu. Anakhala chete, kenako anati: "Ndikamupumitsa, ana adya chiyani?"

Funso limenelo si lachibwana, abale. Inu a m'tauni mumafulumira kunena kuti anthu a kumudzi ndi ankhanza. Munthu amene ngolo ndiyo ufa wake wa tsiku limenelo sangaimike ntchito chifukwa choti wina wamva chisoni. Chiyambire Freddy mu Malichi 2023, ziweto zambiri zinapita ndi madzi ku Nsanje ndi kuno ku Chikwawa, ndipo zotsalazo zikugwira ntchito ya ziwiri. Choncho ukapita kukadzudzula, pita ndi thandizo m'manja. Ine ndinawabwereka bulu wanga masiku asanu ndi lamba wanga wa pachifuwa.

Tsopano timvetsetsane za goli. Goli ndi la ng'ombe, chifukwa ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lolimba. Bulu mphamvu zake zili pachifuwa. Ukamuika goli, mtengo umangokhula fupa la khosi mpaka chikopa kusupuka. Chofunika ndi lamba wotakata wodutsa pachifuwa, mkati mwake mutayala nsalu yofewa, ngakhale bulangete lakutha. Oyilo wa galimoto sapoletsa chilonda, amangochibisa kuti chisaoneke. Tsukani ndi madzi oyera othira mchere pang'ono, m'mawa ndi madzulo, ndipo pasakhudzenso chinthu mpaka chipole. Chikayamba kununkha kapena kugwa mphutsi, itanani alangizi a ziweto. Likulu la zaulimi la Chigwa chonse lili pa Ngabu pompa, si kutali.

China, bulu sadandaula msanga. Amangoima, mutu pansi, makutu atagwa, ife n'kumati ndi waulesi, chikwapu n'kumagwa. Pamene waleka kudya ndiye kuti zafika kale patali. Mwezi wa 10 ndi wa 11 mangani ngolo kum'bandakucha, dzuwa likafika pamutu masulani, apite pamthunzi, amwe. Ndipo muwayang'ane anyamata amene mumawapatsa ngolo. Nthawi zambiri mwini wake sadziwa n'komwe kuti panjira pakuchitika zotani. Chimodzimodzi inu a m'tauni amene munasungitsa ng'ombe kwa abale kuno: musamangofunsa kuti zaswa zingati, muzifunsanso kuti zikuoneka bwanji.

Mu Febuluwale 2024 atsogoleri a mayiko a mu Africa atakumana ku Addis Ababa anagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna kugulitsa zikopa kunja. Ngati akuluakulu otere anakhalira pansi bulu, ife amene amatitengera madzi ndi odwala kupita nawo kuchipatala tingalephere kuyenda mapazi ochepa kukayankhula ndi mnzathu?

Anzanga aja sanandithokoze, ndipo sindinkayembekezera. Lamba anabweza patapita milungu itatu, atasoketsa wawo. Buluyo chilonda chinapola, pangotsala chipsera chopanda ubweya. Moni tikupatsana.

Mphwanga ndinamuuza chimodzimodzi: uyambe ndi bwana wa kholalo, pambali, unene zokhazo waona, usaweruze. Akakana, iwe mbali yako wachita. Mnzako akapsa ndevu mzimire, koma si kuti uyambe wakuwa kuti mudzi wonse ubwere kudzaona.

Nanga inu, mukadaona khosi lija, mukadapita kapena mukadangokamba pa bawo? Ndiuzeni pansipa.